Funsani Anti: Sukulu ya miyala, ntchito zake zili kuti?

FUNSO: Anti, ine ndi mtsikana wa zaka 18, ndinalemba fomu 4 ndipo ndinakhoza bwino ndithu, masamu, physics, chemistry ndi geography zonse ndili ndi makirediti abwino. Panopa ndikudzaza mafomu a NCHE ofunsira malo ku yunivesite nde mtima wanga uli pa geology, chiyambire 2023 muja phiri linagumuka nkukokolola midzi kwathu kuno ndimangofuna kudziwa kuti chimachitika nchani mkati mwa phirimo. Koma bambo anga akukana, akuti imeneyo ndi sukulu yotola miyala, ntchito yake ndi ya azibambo, komanso migodiyo ku Malawi kuno ili kuti, akuti bola unamwino kapena uphunzitsi ntchito siisowa. Kodi akunena zoona? Ndikamaliza ndidzagwira kuti? Ndine mtsikana wa ku Phalombe.

YANKHO: Mwanawe, kalata yako ndaiwerenga kawiri. Bambo ako sakulankhula zopanda mutu ayi, pali pena pomwe akhoza ndipo ndifikapo, koma zoti ndi sukulu yotola miyala basi, pokhapo nde ndikukana, ine ndakhala pa ntchito imeneyi zaka zambiri makamaka mbali ya madzi a pansi pa nthaka, ndipo ana anga aphunzira ndi ndalama ya mijigo.

Ndiyambe ndi funso lako lomwe lija la phiri chifukwa limenelo ndi geology kale, wayamba usanalowe nkomwe mkalasi. Phiri la Mulanje ndi Michesi ndi mwala umene unali wosungunuka ngati phala pansi penipeni, zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, unazizira komweko nkuuma gwa, kenako miyala yofewa imene inaukuta inaperepeseka ndi mvula ndi mphepo mpaka wolimbawo unatsala poyera, ndi uwo ukuuona wafika mamita 3,002 pa Sapitwa. Nde pamwamba pa thanthwe loterera chonchija pamangokhala kadothi kochepa, mvula ikagwa masiku angapo osakata madzi amalowa nkukafika pa thanthwe, kupyola sangathe, amayamba kuyenda pakati pa dothi ndi mwala, dothi lija lalemera komanso pansi pake paterera, basi limanyamuka lonse ndi mitengo yomwe nkulowa mu khwawa, likamatsika likutola miyala ina ikuluikulu ngati nyumba. Agogo athu anachitcha Napolo ndipo ine sindiwaseka olo pang'ono, iwo amasunga mmutu njira zimene chinadutsa. Ku Zomba chinachitika 1946, kwanu ku Phalombe 1991, kenako Freddy mu Malichi 2023 ku Nkhulambe, ku Soche ndi malo ena. Zimiyala zimene zili mbwee mminda ya mmunsi mwa phiri sizinamere pamenepo, zinabwera ndi matope kalekale, ndipo pomwe zinadutsapo kale zikhoza kudutsanso. Munthu wodziwa kuwerenga zimenezi nkujambula mapu oti apa musamange, apa mukhoza kumanga, dziko lino likumusowa kwambiri, ndipo ndingakonde atakhala mwana wa konko amene anaziona ndi maso.

Sukulu yake ili malo atatu amene ndingakutchulire. Ku UNIMA ku Zomba, ija timaitchabe Chanco, kuli geology. Ku MUST ku Thyolo kuli sukulu ya Ndata ya zanyengo ndi za nthaka, kumeneko kuli earth science komanso kozi ya za mafuta ndi gasi. Ku MUBAS ku Blantyre, Poly yakale, kuli za uinjiniya, geological engineering, mining engineering ndi metallurgy. Anthu ambiri amazisakaniza, nde umvetse, wa geology ndi amene amafufuza kuti mwalawo uli pati, ndi wochuluka bwanji, wapendekera kuti pansipo, wa mining ndi amene amakonza zoti ukumbidwe bwanji osapha anthu komanso osaluza ndalama, wa metallurgy ndi amene amachotsa chofunikacho mmwalamo ku fakitale. Zofunika kuti akutenge uwerenge bwinobwino pa chikalata cha NCHE cha chaka chomwechi, usadalire za mnzako amene analowa zaka zitatu zapitazo.

Chaka choyamba usakayembekezere miyala, ndi masamu, chemistry ndi physics, ndipo ambiri amagwa mphwayi pamenepa. Zokoma zimayamba ukafika pa mineralogy ndi petrology, maphunziro a zimene zili mkati mwa mwala ndi mmene unapangikira. Tsiku loyamba kuyang'ana mwala pa maikulosikopu sindidzaliiwala, amaudula nkuupala mpaka kupyapyala mamilimita 0.03 kuti kuwala kuzidutsa, mwala wakuda bii woti panjira ungauponde osauyang'ana, pamenepo umaoneka ngati chitenje chatsopano, pinki, buluu, chikasu, ukamazunguza mitundu ija nkumasintha. Yovuta kwa ambiri ndi structural geology, yofuna uziona mmutu mwako mmene miyala yapindikira pansi pomwe maso sakufika. Kenako nde filudi, kukagwira ntchito kutchire komwe kuli miyalako. Umadzuka mmamawa, jombo kuphazi, hamala mchiuno, kagalasi kokuza zinthu ka 10 pakhosi, kampasi, GPS, kabuku ndi pensulo, ndi kabotolo ka asidi wosungunula amene ukadonthezera pa mwala wa laimu umachita thovu kuti fwaa. Umatsata mtsinje chifukwa mmene madzi akokolola ndi mmene mwala umaonekera, dzuwa likukuphika, chitedze chikukuyabwa, madzulo chikwama chadzadza masampulo phewa likuwawa, usiku nkumajambula mapu ndi tochi. Ndipo usanamenye mwala uliwonse uyambe wakaonekera kwa amfumu nkufotokoza bwino chimene wabwerera, iwe wa ku Phalombe ukukumbuka za mphekesera za anamapopa mu 2017, mlendo woyenda mtchire ndi zida zachilendo osadziwika kwa eni mudzi amaika moyo wake pachiswe.

Tsopano pomwe bambo akhoza. Ntchito za mmigodi zimakwera nkutsika ndi mitengo ya kunja, sizili ngati unamwino. Taona Kayelekera ku Karonga, mgodi wa uranium unatsegulidwa 2009 ndi kampani ya Paladin, anthu analembedwa ntchito ambiri, 2011 kunachitika ngozi pa malo opangira magetsi ndi uranium ku Fukushima ku Japan mtengo wa uranium nkugwa, pofika 2014 mgodi unaima, mpaka kudzayambanso 2025 uli mmanja mwa Lotus Resources. Zaka 11 zimenezo, mwana wobadwa nthawi imene unaima anali atafika sitandade 5 kapena 6. Migodi inayi timangoimva pa wailesi chaka ndi chaka, Kangankunde ku Balaka ndi Songwe Hill kwanu komweko za rare earths, Kasiya ku Lilongwe za rutile ndi graphite komwe Rio Tinto inaikako ndalama mu 2023, Kanyika ku Mzimba za niobium. Miyalayo iliko zenizeni, si nkhambakamwa, Kangankunde anaidziwa kale nthawi ya atsamunda, koma kuchoka pa kupeza mwala kufika pa mgodi woyenda pamatha zaka 10, 20 olo kuposa, ndipo makampani ofufuza amakonda kulemba pa kontrakiti, akamaboola muli pa ntchito, ndalama zikawathera mwabwerera kunyumba. Izi ndikuuziretu usadzati Anti anandinamiza.

Koma chimene bambo sakuchiona nchoti geology si migodi yokha. Ukawafunse mwaulemu kuti mjigo umene mumatunga uja anasankha malo ake ndani. Madera ambiri a kuno pansi pake ndi mwala wolimba wakalekale, madzi amakhala mu gawo lofumbutuka la pamwamba ndi mming'alu basi, ukaphonya mng'alu ndi mamita 20 okha waboola pouma. Nde timakhoma zitsulo pansi pamzere, kulumikiza mawaya, kudutsitsa magetsi, pomwe pali mwala wofumbutuka wonyowa magetsi amadutsa mosavuta kusiyana ndi pa thanthwe louma, manambala amenewo ndi amene amatiuza poboola. Ndinaonapo kontrakitala wina, sindimutchula, anakana kulipira zoyeza nkukaboola pafupi ndi nyumba ya munthu wina wamkulu mmudzimo poti ndi pomwe anauzidwa, tsiku lonse kompuresa ikungotulutsa fumbi loyera, azimayi atakhala ndi ndowa zawo pamthunzi kudikira, dzuwa litapendeka ananyamuka mmodzimmodzi osalankhula. Patapita miyezi tinabwerera titayeza, tinaboola kumunsi kufupi ndi dambo, ine nditagwada ndikuyala timilu ta zoboola mita iliyonse pamzere, katondo, kenako dothi lotuwa lonyezimira, kenako timiyala tonyowa, tisanafike mamita 40 madzi anaphulika mmwamba nthungululu nkuyamba. Ndalama ya tsiku limenelo ndinaiwala kuti inali zingati koma nthungululu ija ndimaimvabe. Ndipo si kupeza madzi kokha, ku Chikwawa ndi Nsanje malo ena umapeza madzi koma amchere osamweka, madera ena ngati Nathenje madzi ali ndi fluoride wambiri amene amathimbiriritsa mano a ana, zonsezi zimafuna munthu wodziwa miyala. Boma, ma water board, mabungwe ndi makampani oboola mijigo onse amafuna anthu otere ndipo ludzu silidikira mtengo wa uranium.

Kwinanso ndi zomangamanga, msewu, mlatho, damu, nyumba zosanjikizana, asanamange amayenera kuyeza nthaka ndi mwala wa pansi, komanso kwale amene amathira mu konkire ndi pa tala amayenera kuyezedwa kulimba. Mafakitale a simenti ngati Shayona ku Kasungu amadalira mwala wa laimu, malasha akukumbidwa ku Mchenga ku Rumphi. Ku boma kuli Geological Survey imene likulu lake lili ku Zomba, ndi amene amasunga mapu a miyala ya dziko lino ndi kuyang'anira zida zoyezera zivomerezi, paja tili mu chigwa cha Rift Valley, nchifukwa chake kunagwedezeka ku Salima 1989 ndi ku Karonga mu Disembala 2009, nchifukwa chakenso kuli akasupe otentha ku Chiweta ndi ku Mawira ku Nkhotakota. Kuli dipatimenti ya migodi, ndi bungwe loyang'anira migodi limene linabwera ndi lamulo la 2023. Malo ku boma ndi ochepa, satsegula chaka chilichonse, koma alipo.

Zoti ndi ntchito ya azibambo, hamala siifunsa kuti waigwira ndani. Koma sindikubisira, ku kampu nthawi zina umapezeka mkazi uli wekha pakati pa amuna 20, chimbudzi chimodzi, ena amayesa kukuderera, ena amayesa zina zoipa kuposa pamenepo. Uzidziwa ntchito yako kuposa onse, uzilankhula poyera chinthu chikakuipira ndipo usamasunge mumtima, komanso upeze azimayi amene anakutsogolera, tilipo ndipo tikuchuluka. Bambo usakangane nawo, akuopa kuti ungadzavutike basi. Awerengere yankho lino madzulo atadya, ndipo pa fomupo pali malo a zosankha zingapo, ika geology poyamba, kwinako ikako imene iwo akufuna yoti nawenso ukhoza kuipirira.

FUNSO: Anti, geography ndimakhoza kwambiri koma masamu ndi chemistry zimandizunguza mutu. Geology ndingaikwanitse? Mnyamata wa fomu 3, Dedza.

YANKHO: Mphwanga, geography ndi geology ndi pachibale koma si chinthu chimodzi, mwala ndi chemistry youma basi, ndipo madzi oyenda pansi amawerengedwa ndi masamu. Sikuti ukhale katswiri woposa onse ayi koma kuzithawa sungathe. Mwayi wako ndi woti uli fomu 3, nthawi ilipo, peza mnzako wokhoza masamu muzikhala limodzi masana aliwonse ndi mapepala a mayeso akale, chemistry uyambirenso pa periodic table ndi ma mole mpaka zilowe. Zikakanikadi pofika fomu 4, yang'ana kozi ya GIS, yopanga mapu pa kompyuta, kapena ya disaster risk management ku MUST, zili pafupi ndi chimene umakondacho, ngakhale nazonso masamu ake alimo.

FUNSO: Anti, ine digiri ya earth science ndinamaliza zaka ziwiri zapitazo koma mpaka lero ndili pakhomo, ma CV ndatumiza osawerengeka, kulikonse akuti experience ya zaka zitatu, nanga ndiitenga kuti osandilemba? Loni nayo ikundidikira. Anzanga amene anapanga accounting akugwira. Ndinalakwitsa kozi? Wokhumudwa, Area 25.

YANKHO: Achimwene, pepani, zimawawa ndipo sindikuuzani kuti mungopirira ngati kuti kupirira kumagula sopo. Simunalakwitse kozi koma mwina mukusaka ntchitoyi mmene amasakira a accounting, pomwe yathuyi kawirikawiri siipezeka pa imelo, imapezeka pomwe pali rigi, makina oboolera pansi aja. Fufuzani makampani oboola mijigo mu Lilongwe momwemo, alipo ambiri, pitani nokha mmawa mutavala jombo mukapemphe kuyenda nawo olo mwezi umodzi kuti muziwalembera zotuluka pa mita iliyonse ndi kuthandiza pumping test, kuyeza kuchuluka kwa madzi amene mjigo ukutulutsa, ambiri alibe munthu wolemba lipoti looneka bwino ndipo mabungwe amene amawapatsa ntchito amafuna malipoti. Ndalama yake poyamba ndi yochepa zedi, koma mugwirizane poyera za chakudya, pogona ndi kangachepe musananyamuke, kuphunzira sikutanthauza kugwira ulele mpaka kale. Makampani ofufuza miyala nawo nyengo ya chilimwe akamaboola amafuna anthu otenga masampulo ndi oyala core, mwala wotuluka poboola uja, mmabokosi, musanyoze poti muli ndi digiri, amene amayala core mosamala, manambala osasokoneza, ndi amene mawa amamupatsa kuti ayambe logging, kulemba za mwala wotulukawo mita ndi mita, ndipo experience ya zaka zitatu ija imayamba chonchi.

Muli pakhomo pomwepo musangokhala. QGIS, pulogalamu yopangira mapu, ndi yaulere, ikani pa laputopu olo yobwereka, tengani dera la kwanu mupange mapu a miyala, mitsinje ndi mijigo, mulembe lipoti la masamba asanu, pofunsira ntchito muzipita nalo mmanja. Boma linaulutsa ndege dziko lonse kuyeza za pansi pa nthaka, ija anthu anaitcha Kauniuni, zotsatira zake zinatuluka 2015, koma ndi achinyamata angati amene anapitako ku Zomba kukafunsa kuti deta imeneyi munthu angaipeze bwanji nkuphunzira kuiwerenga? Laisensi yoyendetsa galimoto nayo imathandiza kuposa mmene mukuganizira, ku filudi munthu woti akhoza kuyendetsa yekha pikapu amasankhidwa msanga.

Ndipo maso asathere pa Mchinji. Ku Zambia kuli migodi ya kopa ku Copperbelt ndi ku Solwezi, Kansanshi ndi Lumwana, ku Mozambique kuli malasha ku Moatize amene sitima zake zimadutsa mdziko mwathu momwe muno kupita ku Nacala, kuli graphite ku Balama ndi ruby ku Montepuez, kungoti kumeneko Chipwitikizi chimafunika ndipo maiko onsewa amayamba aganizira nzika zawo, nde amene amalowa ndi amene ali ndi luso loti alionetse. Masters nayo ndi njira, makamaka ya hydrogeology (za madzi a pansi), geophysics (kuyeza za pansi ndi zida) kapena engineering geology (za zomangamanga), funsani aphunzitsi anu akale za ma scholarship, iwo ndi amene amayamba kumva. Mukapeza ya uphunzitsi wa sayansi pa sekondale ya pulaiveti igwireni kuti muzidya, koma Loweruka muzikhala muli pa rigi.

FUNSO: Mayi, ine ndi bambo wa zaka 56. Polima kudimba ndapeza miyala yonyezimira ngati golide, ina ndasunga mchitini. Wina wandiuza kuti ndimupatse K200,000 abwere ndi makina oyezera. Mwana wanga ali fomu 2, ndikufuna adzaphunzire za miyala kuti tidzakumbe tokha. Mundithandize. Bambo wa ku Ntcheu.

YANKHO: Bambo, zikomo polemba musanapereke ndalamayo, chonde isungeni kaye. Zonyezimira zambiri zimene anthu amandibweretsera mzitini ndi ziwiri, pyrite ndi mica, ndipo mukhoza kuziyesa nokha pakhonde. Tengani kachidutswa kamodzi muike pa mwala wosalala mumenye ndi hamala. Golide ndi wofewa, amaphwatalala ngati mtovu osasweka, pomwe pyrite amaphwanyika nkukhala ufa wakuda ndipo nthawi zina amanunkha ngati machesi. Mukamukhutiza kuseri kwa mbale yadothi yosweka, kumene kulibe utoto, pyrite amasiya mzere wakuda, golide amasiya wachikasu. Mica ndi uja amakhala timapepala topyapyala tomatuka ndi chikhadabo, mukaika mmbale ya madzi nkuzunguza timayandama nkutuluka ndi mchenga, pomwe golide ndi wolemera kwambiri, kuposa madzi ka 19, amakhala pansi pa mbale osasuntha.

Sindikunena kuti kwanuko kulibe kanthu ayi, ku Ntcheu komweko pa phiri la Chimwadzulu pamatuluka ruby ndi sapphire, ndipo golide wa mmitsinje amapezeka ku chigwa cha Lisungwe chakumunsi kwanuko. Nchifukwa chake ndikuti zikapambana mayeso a pakhondewo, tengani zidutswa ziwiri zitatu, osati chitini chonse, mupite nazo ku Geological Survey ku Zomba kapena ku ofesi ya migodi akazione anthu amene anaphunzira, mufunse mtengo wake ndipo mulandire lisiti. Zikakhala zenizeni, kukumba kumafuna laisensi ngakhale munda uli wanu, chifukwa mwa lamulo za pansi pa nthaka ndi za dziko, ndipo golide ali ndi msika wovomerezeka, Reserve Bank inayamba kugula kudzera ku Export Development Fund mu 2021, simukuyenera kugulitsa usiku kwa munthu wobwera pa njinga yamoto. Chimene ndikupemphani ndi mtima wonse, musalole aliyense akumbe dzenje lakuya nkumalowera chammbali mdothi la kudimba, makamaka nthawi ya mvula, dothi lonyowa limagwa osachenjeza ndipo tataya anthu ambiri mmaenje otere, komanso wina akabwera ndi mercury kuti atsukire golide mukane, amawononga ubongo ndi impso ndipo akalowa mmadzi a kudimbako mudzamwa ndinu nomwe ndi adzukulu anu.

Za mwanayo, ndasangalala kuti mukumufunira sukulu imeneyi, koma musamusenzetse chitinicho pamutu, angadzaone ngati walephera miyalayo ikapezeka kuti ndi pyrite. Muyeseni kaye ngati amazikonda, poyesa ndi hamala paja mumuitane amenye yekha, mumufunse kuti waona chani ndipo alembe mkope tsiku, malo ndi mtundu wa mzere umene watuluka pa mbale ija. Akakhala ndi chidwi mudzaona yekha akuyamba kutolera nsangalabwi ndi miyala ina ya kumtsinje nkumaisiyanitsa, nde tsiku lopita ku Zomba lija mukamutenge, thiransipoti yake ichokere pa K200,000 ija.